Dola, randi ndi ZiG pamsika umodzi: ndikalandire iti?

Mayi wina wa ku Lunzu watilembera motere: "Ndimachita geni ya mpunga ndi nyemba. Msuweni wanga amene anabadwira ku Harare, mwana wa malume anga omwe anapita kalekale kukagwira ntchito kumigodi, akuti ndizipita ndi katundu kumeneko poti mpunga wa Kilombero umayenda malonda. Koma wandizunguza mutu. Akuti kumeneko ena amagula ndi madola a ku America, ena marandi, ena ndalama ina yake yotchedwa ZiG, zonsezi pamsika umodzi. Zimatheka bwanji dziko limodzi kukhala ndi ndalama zitatu? Ine ndikalandire iti kuti mpamba wanga usathere panjira? Ndiye poti kwacha yathuyi ikungogwa, bwanji ifenso tisamangotero?"

Mayi, mtima m'malo. Msuweni wanuyo sanakunamizeni, ndipo zimene wanenazo si zoopsa monga zikumvekera. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yosintha ndalama zakunja, ndaona amayi ambiri akupita ku Harare n'kubwerako phindu lawo lili m'manja. Amene amabwera akulira ndi omwe amaganiza kuti poti boma lavomereza ndalama zonsezo, ndiye kuti mphamvu zake n'zofanana. Sizifanana ayi. Paliponse pamene pakuyenda ndalama ziwiri chifukwa cha mavuto, pamakhala ina imene anthu amasunga, ndi ina imene aliyense amafuna kuipatsira mnzake dzuwa lisanalowe. Mukadziwa kuti yosunga ndi iti, yopatsira ndi iti, zotsalazo n'zazing'ono.

Mayiko oyendera ndalama zingapo alipo ndithu, kungoti anafikapo mosiyana. Ena anachita kupangana mwamtendere. Lesotho, Namibia ndi Eswatini ali pamgwirizano ndi South Africa. Dziko lililonse lili ndi ndalama yake, loti ku Lesotho, lilangeni ku Eswatini, ndi dola ya Namibia imene inayamba mu 1993, koma zonsezi anazimangirira ku randi, imodzi kwa imodzi. Mukalowa m'sitolo ku Maseru kapena ku Windhoek ndi marandi, amalandira osafunsa, ndipo chenji akhoza kukupatsani chosakaniza. Pofunika kusamala m'pamodzi pokha: loti mukawoloka nayo kupita ku Bloemfontein kapena ku Johannesburg, m'sitolo sailandira. Randi imayenda konseko, zinazo zimathera pachipata. Ku Panama nakonso kulibe phokoso. Chiyambire 1904 dola ya ku America imayendera limodzi ndi balboa, ndipo balboayo ilipo yachitsulo yokha, yapepala imene anthu amagwira ndi dola.

Mayiko ena anachita kukankhidwira ndi mavuto. Ku Cambodia, a Khmer Rouge atalanda boma mu 1975 anathetseratu ndalama m'dziko lonse. Ndalama yawo ya riel inabwerera mu 1980 koma anthu sankaikhulupirira, ndiye pamene ogwira ntchito a United Nations anabwera ndi madola ochuluka mu 1992 ndi 1993, dola inamera mizu, riel n'kusanduka ya chenji ndi tinthu tating'onoting'ono. Madalaivala athu a mathiraki amene amafika ku Kasumbalesa ndi ku Lubumbashi angakuuzeni zofananazo za ku Congo, kumene ndalama ya franc imayenda limodzi ndi dola. Zimbabwe ali m'gulu lachiwirili, ndipo nkhani yake ndikufuna muimve bwino, chifukwa ndi imene imachititsa kuti msuweni wanu ndi makasitomala ake aziona ndalama mmene amazionera.

Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, dola yake inali yamphamvu kuposa ya ku America. Chuma chitayamba kulowa pansi, makamaka ulimi ndi mafakitale zitasokonekera kuyambira cha m'ma 2000, boma linkalipira ngongole ndi zofuna zake posindikiza ndalama. Katundu m'masitolo akuchepa, ndalama zikuchuluka, mitengo inayamba kuthamanga. Banki yayikulu inachotsa maziro atatu pandalama mu Ogasiti 2006, inachotsanso maziro khumi mu Ogasiti 2008, kenako maziro khumi ndi awiri mu February 2009. Chiwerengero chomaliza chimene boma linalengeza nthawi imeneyo, cha Julaye 2008, chinati mitengo yakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Mu Januwale 2009 anatulutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni, lija anyamata amagulitsa kwa alendo ku Victoria Falls ngati chikumbutso. Pofika apo anthu anali atasiya kale okha ndalama yawo, akugulitsana mobisa mu madola ndi marandi. Kumayambiriro kwa 2009 boma linangovomereza zimene zinali kuchitika kale: dola ya ku America, randi, pula ya ku Botswana, paundi ndi euro zinaloledwa. Mu 2014 anawonjezera yuan ya ku China, yen ya ku Japan, rupee ya ku India ndi dola ya ku Australia, ngakhale kuti zimenezi zinangothera papepala. Sindinaonepo mayi wa pamsika wa Mbare ku Harare akupereka chenji cha yen.

Amene anapwetekeka koposa anali okalamba. Penshoni ndi inshulansi zimene anthu anadulidwa kwa moyo wawo wonse zinasungunuka, ndipo pakati pawo panali achimalawi ambiri amene anathera mphamvu zawo m'migodi ndi m'mafamu, a msinkhu wa malume anuwo. Mu 2015, potsekeratu nkhani ya dola yakaleyo, akaunti iliyonse imene inali ndi ndalama zosaposa 175 kwadiriliyoni inapatsidwa madola asanu a ku America. Asanu basi.

Dola ya ku America itabwera, mitengo inaima ndipo katundu anabwerera m'mashelefu. Koma panabuka vuto limene ambiri sanaliganizire, la chenji. Mapepala a madola ankalowa m'dziko, koma makobili ake n'ngolemera, palibe amene ankawaitanitsa okwanira. Munthu ukagula chinthu cha masenti 60, m'sitolo ankakupatsa maswiti, bolopeni kapena kapepala kolonjeza kuti udzatenge tsiku lina. M'ma kombi, maminibasi a kumeneko, ankabweza chenji cha makobili a randi. Mu Disembala 2014 banki yayikulu inatulutsa makobili akeake otchedwa bond coins, ndipo mu Novembala 2016 inatulutsa mapepala otchedwa bond notes, n'kulonjeza kuti pepala lililonse ndi lofanana ndi dola yeniyeni. Apa m'pamene panachitika chinthu chimene chimachitika kulikonse lamulo likakakamiza kuti ndalama yofooka ifanane ndi yamphamvu. Aliyense ankalipira ndi ma bond, madola enieni n'kuwabisa kunyumba kapena kuwatulutsa kunja. Madola anasowa m'mabanki, anthu n'kumagona pamzere kudikira kutapa tindalama tochepa.

Chotsatira chake ndi chimene ndimauza wamalonda aliyense amene akufuna kutsegula akaunti m'dziko la ndalama ziwiri. Mu Okutobala 2018 mabanki analamulidwa kulekanitsa maakaunti: ena a madola enieni, otchedwa nostro, ena a ndalama zongoyenda m'makompyuta. Mu February 2019 zam'makompyutazo anazipatsa dzina lakuti RTGS dollar, ndipo mtengo wake woyambira unali 2.5 pa dola imodzi ya ku America. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene anasungitsa madola 1,000 enieni zaka za m'mbuyomo anapeza kuti nambala ya 1,000 ikuonekabe pa akaunti, koma mphamvu yake ndi madola 400, ndipo inapitiriza kutsika. Mu Juni 2019 boma linaletsa kugula ndi ndalama zakunja. Mu Marichi 2020, mliri wa Covid utafika, linalolanso. Pakati apo, mu Januwale 2020, khoti la Supreme linagamula kuti ngongole zimene anthu anakongozana mu madola a ku America February 2019 asanafike zikhoza kubwezedwa mu RTGS, imodzi kwa imodzi. Amene anakongoza anzawo ndalama yeniyeni anabwezeredwa yopepuka, ndipo lamulo linali kumbali ya wobwezayo.

ZiG imene mukufunsayo ndi yatsopano pa zonsezi. Dzina lake lonse ndi Zimbabwe Gold, ndipo bwanamkubwa wa banki yayikulu, a John Mushayavanhu, anaikhazikitsa pa 5 Epulo 2024, ponena kuti kumbuyo kwake kuli golide ndi ndalama zakunja zosungidwa. Inayambira pa 13.56 pa dola imodzi. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho banki yayikulu inaitsitsa mphamvu kufika cha m'ma 24 pa dola. Werengerani nokha: amene anali ndi ZiG 1,356 mu Epulo anali ndi madola 100, koma atangoigwetsa ndalama yomweyo inali madola pafupifupi 56. Kunena chilungamo, pambuyo pake inakhazikikako kwa miyezi yambiri chifukwa banki yayikulu inayamba kuumira potulutsa ndalama. Koma chikhulupiriro cha anthu amene anapsa kawiri konse sichibwerera ndi miyezi, n'chifukwa chake malonda ambiri akuchitikabe mu madola. Lamulo limene boma linatulutsa mu Okutobala 2023 linati ndalama zakunja zipitirire kugwira ntchito mpaka kumapeto kwa 2030, ngakhale akuluakulu a boma amalankhula kawirikawiri zofuna kubwerera ku ndalama imodzi.

Tsono inuyo mukalandire iti? Dola ya ku America, yapepala, m'manja. Mtengo wa thumba lanu muziutchula mu madola, ndipo mpamba ndi phindu muziziwerengera mu madola. Randi ndi yabwinonso, imasinthika kuno kwathu popanda vuto, koma imayenda kwambiri kummwera, ku Bulawayo ndi ku Beitbridge, kusiyana ndi ku Harare. Wina akafuna kulipira mu randi, musavomere mtengo wachidule umene anthu amangogwirizana pamsika pofuna kuti masamu aphweke. Pa chinthu cha dola imodzi kusiyana kwake sikuoneka, koma pa matumba makumi awiri ndi ndalama ya thiransipoti yobwerera. Onani pafoni mtengo wa tsikulo musanayankhe.

ZiG sindikunena kuti muziikana. Ndi ndalama yovomerezeka ya dzikolo, ndipo kasitomala amene amalandira malipiro ake mu ZiG alibe kuchitira mwina. Muziitenga ngati tomato wakupsa, amene mumalandira wokwanira kudya lero, osati ngati nyemba zouma zoika m'nkhokwe. Landirani yokwanira kulipirira zimene mukufuna kumeneko, chakudya, kombi, kapena katundu wa m'masitolo akuluakulu amene mukufuna kubwera naye, ndipo igwiritseni ntchito musananyamuke. Mukawoloka nayo Nyamapanda, chipata chotulukira mu Zimbabwe kulowa mu Mozambique, yatha ntchito. Ku Tete sailandira, ndipo ku Blantyre simupeza banki kapena bureau yoti ikusinthireni.

Pa nkhani ya ZiG yomweyi pali chinthu chimene chimasokoneza alendo: mitengo yosinthira imakhala iwiri, wa kubanki ndi wa mumsewu. Ife a kuno sitingadabwe nazo, poti zomwezo tikuziona ndi kwacha yathu. ZiG itangoyamba mu 2024, masitolo akuluakulu ankawerengera motsatira mtengo wa boma, pamene timagolosale ta m'tauni, timene iwo amati ma tuckshop, tambiri timafuna madola okhaokha. Wogula wochenjera amabwera kwa inu ndi ZiG n'kuumirira kuti muwerengere pa mtengo wa kubanki, akudziwa kuti inuyo mukafuna kuisandutsa madola simuwapeza pa mtengo umenewo. Kusiyanako kumatuluka m'thumba mwanu. Ndipo musathamangire kwa anyamata osintha ndalama m'mphepete mwa msewu kuti mukonze zimenezi. N'zoletsedwa, apolisi anamanga ambiri ZiG itangoyamba, ndipo mlendo wosadziwa ChiShona ndi amene amapatsidwa mapepala achinyengo kapena mpukutu wopereweza.

Madola enieniwo nawonso muziwayang'anitsitsa. Ku Zimbabwe mapepala a dola imodzi ndi madola awiri ayenda m'manja mwa anthu mpaka kuda bii ndi kufewa ngati nsanza, poti palibe banki yowasintha ndi atsopano monga amachitira ku America. Kumeneko akhoza kuyenda, koma mukafika nawo kuno mabureau ambiri amakana ong'ambika, olembedwalembedwa ndi akalekale, ndipo ang'onoang'ono amawagula motsika kusiyana ndi a 50 ndi a 100. Musanabwerere, pemphani msuweni wanu akuthandizeni kusintha tating'onoto ndi mapepala akuluakulu osang'ambika. La 100 labwino ndi lija lokhala ndi kamzere kabuluu pakati, limene linayamba kutuluka mu 2013. Muzilipendeketsa: tizithunzi ta m'kamzereko timayenda ngati lili lenileni. Komanso nyamulani timadola tating'ono tanutanu ta chenji, chifukwa vuto lija silinatheretu, ndipo wamalonda wopanda chenji amakakamizika kutsitsa mtengo kapena kutaya kasitomala.

Ena adzafuna kukulipirani pafoni, pa EcoCash kapena njira zina. Funso loyamba likhale lakuti, ndi chikwama chiti, cha madola kapena cha ZiG? Zonse ziwiri zimatheka pa nambala imodzi ya foni, ndipo uthenga wongoti mwalandira 200 sukutanthauza kanthu musanaone kuti 200 ya chiyani. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu Okutobala 2018 boma limadula msonkho pa ndalama zotumizirana pafoni ndi kubanki, umene panthawiyo anauika pa masenti awiri pa dola iliyonse, kuwonjezera pa zimene kampani imadula potapa. Gwirizanani kuti zimenezo alipira ndani musanatsitse thumba. Za ngongole ndiye ndinganene mwachidule: musasiye katundu kuti adzakulipirani ulendo wina. Zikavuta kwambiri, lembani papepala kuti ngongoleyo ndi ya madola a ku America ndipo idzabwezedwa mu madola a ku America apepala, ngakhale amene mukumukongozayo ndi wachibale. Kungolemba kuti "madola" n'kosakwanira m'dziko limene liwu limenelo lasintha tanthauzo kangapo.

Ulendo wanu udutsa Mwanza, Zóbuè, Tete ndi Nyamapanda, ndiye kuti pali ndalama yachinayi panjira, metical ya ku Mozambique. Nthawi iliyonse imene mwasintha ndalama, wosinthayo amadyapo, chifukwa amagula motsika n'kugulitsa mokwera. Kwacha kupita ku metical, metical kupita ku dola, dola kubwerera ku kwacha, mukhoza kupeza kuti phindu la matumba awiri latsala m'zipata. Sinthani ya metical yongokwanira madzi ndi chakudya cha panjira.

Tibwere ku funso lanu lomaliza, limene ndimalimva kwambiri chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndikumvetsa chimene mukufunsira, poti mpamba umene unkagula matumba khumi ukugula asanu. Koma maganizo anga ndi akuti kulola dola kuyenda pamsika wa Lunzu sikungachize matenda athu. Dziko silisindikiza madola a eni. Limawapeza pogulitsa zinthu kunja, kwa ife fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina, kuphatikizapo thandizo la mayiko ena ndi zimene abale athu a kunja amatumiza. Vuto lathu ndi lakuti madola amene amalowa ndi ochepa kuyerekeza ndi amene timafuna pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Ngati akuperewera pa zimenezo, oti aziyenda m'manja mwa aliyense ogulira tomato achokera kuti? Zimbabwe anakwanitsa kwa kanthawi chifukwa ali ndi golide, platinamu ndi fodya wambiri, ndiponso anthu ake ochuluka ali ku South Africa ndi ku Britain akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Ngakhale zinali choncho, pofika 2016 madola anali atasowa. Zaka za 2015 ndi 2016 randi itagwa, katundu wa ku South Africa anatsika mtengo kwa munthu wogwira dola, anasefukira m'masitolo, mafakitale a m'dzikomo n'kumalephera kupikisana naye, ndipo boma linalibe ndalama yakeyake yoti liitsitse mphamvu kuti liwateteze.

Chinanso chimene anthu saganizira ndi chakuti ndalama ziwiri zimagawa anthu pawiri. Mwini nyumba, wogulitsa mafuta ndi wa sukulu yolipira amayamba kufuna yamphamvu, pamene mphunzitsi, mlimi wa kumudzi ndi wolandira penshoni amalipidwa yofooka. Ku Cuba anakhala ndi ndalama ziwiri zawozawo kuyambira 1994, ina ya anthu wamba, ina yomangirira ku dola, ndipo woperekera zakudya kuhotela ya alendo ankapeza zambiri kuposa dokotala. Anazithetsa mu Januwale 2021. Ecuador anasankha kutayiratu ndalama yake ya sucre mu 2000, pa mtengo wa 25,000 pa dola imodzi. Mitengo inakhazikika, inde, koma dzikolo limagulitsa mafuta kunja, ndipo likakumana ndi mavuto banki yake yayikulu ilibe mphamvu yosindikiza ndalama yopulumutsira mabanki. Kwa ife a kuno, malamulo amati malonda a m'dziko muno azichitika mu kwacha, choncho madola amene mubwere nawo musayambe kugulitsira nawo mpunga ku Lunzu kapena kuwapereka kwa a bulaki. Kawasintheni ku banki kapena ku bureau yovomerezeka ndipo sungani lisiti.

Pali zinthu zitatu zimene simuyenera kungodalira zonena za msuweni kapena za ine. Choyamba, kuchuluka kwa ndalama zapepala zimene munthu amaloledwa kutuluka nazo mu Zimbabwe kwasinthidwa kangapo, ndiye funsani a ZIMRA, bungwe la misonkho la Zimbabwe, pa Nyamapanda tsiku limene mukulowa, ndipo ndalama zimene mwalowa nazo muzilembetse kuti potuluka pasakhale mkangano. Zopitirira malire amalanda. Chachiwiri, mpunga ndi nyemba ndi mbewu, zimafuna zilolezo zotulutsira kuno ndi zolowetsera uko, kuphatikizapo chikalata chosonyeza kuti zilibe tizilombo. Pitani ku ofesi ya zamalonda ndi ya zaulimi musanagule katundu, ndipo pa chipata cha Mwanza funsani za ndondomeko yopepukitsira amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Chachitatu, geni ikakula mpaka kumabwera ndi madola masauzande, kakhaleni pansi ndi a banki yanu, akufotokozereni za akaunti ya ndalama zakunja ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi okhudza ndalama zochokera ku katundu wogulitsidwa kunja. Ulendo woyamba tengani matumba ochepa, oti ngakhale masamu a ndalama atakusokonezani pena, mpamba wa geni ya kunyumba utsale wosakhudzidwa.